Tim Drake, Robin wamakani

Mwa ma Robin onse a Batman, amene amandisangalatsa ndi Tim Drake, yemwe anayamba kuoneka m'makomiki mu 1989. Mnyamatayu sauluka, chipolopolo chikhoza kumupha ngati wina aliyense. Sanalowenso ntchitoyi pofuna kubwezera, makolo ake anali amoyo panthawiyo. Anangoona kuti chimwalirireni Jason Todd, yemwe anali Robin panthawiyo, Batman wayamba nkhanza, akulimbana ndi zigawenga mosasamala za moyo wake. Tim anali atatulukira kale payekha kuti Batman ndi Bruce Wayne, atazindikira kuti kadumphidwe ka Robin woyamba n'ka Dick Grayson wa ku circus, yemwe ankaleredwa ndi Wayne. Anakachonderera Grayson kuti abwerere pa u-Robin, iye anakana. Basi, kamnyamatako kanavala kokha suti ya Robin, popanda wokatuma.