Tsiku lofika katundu limadziwika pa sikelo ya Kafue

Dzuwa lisanatuluke, malole amakhala atandanda kale pa sikelo ya Kafue, pamsewu wa T2, makilomita oposa 40 kumwera kwa Lusaka. Ena achokera ku Chirundu, ena ku Kazungula kudzera ku Livingstone, ndipo misewu yawo imakumana pa Turnpike malolewo asanawoloke mtsinje wa Kafue. Lole iliyonse yasenza tsiku limene wogulitsa wina analonjeza kasitomala, ndipo ambiri mwa masikuwo anawerengedwa ndi makilomita okha. Pamenepa ndiye pagona cholakwa. Ulendo wa katundu umatalika chifukwa cha malo oimapo. Lole ikapyola muyeso imakhala pompo mpaka alipire chindapusa ndi kuchepetsa katunduyo, ndipo wodikira ku Lusaka kapena ku Ndola amangomva kuti "ili m'njira".

Masana phokoso limasamukira kuzipata za mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba kupanga feteleza mu 1970, imagulitsa katundu amene tsiku lake limalamulidwa ndi mvula. Feteleza wa D Compound wofika mbewu zitakula ndi ndalama yotayika, ngakhale thumba lili lomwelo. Ku Kafue Steel amasungunula zitsulo zakale, ntchito yodalira magetsi, ndipo chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi opangira magetsi ku Kariba, Zambia yense anaona kuti magetsi salonjezeka. Wopereka tsiku asanafunse za zipangizo, magetsi ndi mzere wa pachipata akungolosera.

Wina anganene kuti malire anafewa kale: Chirundu inakhala chipata choimapo kamodzi mu 2009, ndipo mlatho wa Kazungula unachotsa pantoni mu 2021. N'zoona, koma kufulumira kwa malo amodzi kumangosunthira mzere patsogolo. Wina angati kasitomala amafuna tsiku limodzi, ndipo ukamuuza kuti "pakati pa Lachitatu ndi Lachisanu" athawira kwa wolonjeza Lachiwiri. Amathawadi, kamodzi. Womanga nyumba amene walipira amisiri atangokhala, zitsulo zisanafike, sabwereranso kumeneko.

Kukada, malole amaima m'mbali mwa msewu ndipo madalaivala amaimba mafoni. Maola amene akunenawo ndiwo oyenera kulowa m'buku la maoda la mawa, koma kawirikawiri amathera m'khutu la bwana wa lole, wolandira maoda osawamva.