Mageti a ku Joni magetsi akazima

Inu amene mukukonza ulendo wa ku Joni, kaya wokaona abale kaya wokasaka ntchito, konzekani kukaona mzinda wa mipanda. Mukatsika basi pa Park Station n'kulowera kumpoto, cha ku Randburg, Northcliff kapena Sandton, nyumba zambiri simuziona ayi. Mumangoona makoma, waya wamagetsi pamwamba pake, ndi mitengo ya jakaranda imene imachita maluwa mu Okutobala. Msewu uli zii, woyenda pansi ndinu nokha ndi amayi ovala yunifolomu zapanyumba. Galimoto ikafika pakhomo, palibe zoliza hutala kudikira mlonda monga tidazolowerera kuno. Mwini nyumba amangodina kalimoti, geti lachitsulo n'kuyamba kuyenda lokha, iye kulowa, ilo n'kudzitsekera.

N'zokongola ndithu, mpaka tsiku limene magetsi azima.

Eni dziko akudziwa bwino. Kuzimitsa magetsi mogawana kudayamba mu 2007, ndipo mu 2023 kampani ya Eskom idazimitsa masiku oposa 300. Zidayamba kusintha mu 2024, komabe mphenzi ndi akuba mawaya sasiya kugwetsa madera mumdima. Musati n'za ku Joni zokha: mageti omwewa afika ku Area 43, Area 47 ndi Namiwawa, ndipo mdima wa 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira, tonse tikuukumbukira.

Tiyeni tione kabokosi kali pambali pa getilo. M'kati mwake muli mota, giya ndi batire laling'ono la mavoti 12. Giyayo imaluma mano amene aikidwa m'litali mwa geti, ndiye ikazungulira geti limayenda panjanji yake. Magetsi akazima, batire limagwira ntchito kwa kanthawi. Koma batire limakalamba, makamaka likamatha moto pafupipafupi, ndipo chizindikiro chake n'chakuti geti limayamba kuyenda mwaulesi. Likaima, musalikankhe ndi mphamvu. Giya ikadali yoluma, muthyola mano kapena kuchotsa geti panjanji, ndipo chitsulo cholemera chotere chikagwera munthu si nkhani yoseka.

Pabokosipo pali kachitseko kapena kachogwirira kotsegula ndi kiyi. Pa mamota ena, monga a Centurion D5 akale amene adzaza mu Joni, mukatsegula mupeza kawilo kopotokola ndi zala. Pa ena mumangokoka chogwirira. Mukatero giya yamasuka, ndipo geti mutha kulikankha ndi manja, pang'onopang'ono, kuti lisakamenye kumapeto. Zala zikhale kutali ndi giya chifukwa magetsi sagogoda akamabwera. Akabwera, bwezerani kawilo kaja mmene kadalili, n'kusuntha geti pang'ono mpaka mumve kuti khethe, laluma. Mageti otseguka ngati zitseko ali ndi pomasulira pake pamkono uliwonse.

Zonsezi n'zophweka. Chovuta ndi kiyi. Nyumba zambiri bokosi lija adalitsekera m'kakhola kachitsulo ndi loko poopa akuba, ndiye makiyi ndi awiri. Ali kuti? Nthawi zambiri ali pamtolo wa makiyi a bambo, ndipo bambowo ali kuntchito kapena akuonera mpira kwa anzawo. Tangoganizani, mayi: ndi 2 koloko usiku, mwana watentha thupi mpaka kukomoka, kapena matenda a uchembere ayamba, galimoto ili m'kati, khoma ndi lalitali, pamwamba pali waya. Kapena moto wabuka kukhitchini, ozimitsa moto aima panja. Mpanda umene mudamangira mbava wasanduka ndende yanu. Abambo, kiyi ameneyu si wa akaunti yakubanki. Dulitsani wina, mumupachike pamalo amene akulu onse m'nyumbamo akuwadziwa, koma pamene ana aang'ono sangafikire. Ndipo Loweruka lina masana, kuli kowala, yeserani nonse awiri, aliyense ndi manja ake.

Inu achimwene ndi achemwali amene mukukagwira ntchito yam'dimba kapena yam'nyumba, n'kumagona m'kachipinda kakuseri, funsani abwana sabata yoyamba yomweyo akuonetseni. Musachite manyazi. Iwo akapita ku Durban pa Khirisimasi, otsala mumpandamo ndinu ndi ana anu.

Chinanso: geti lomasulidwa silikhala lokiya, aliyense wodutsa atha kulikankha. Sungani tcheni ndi loko pafupi, komanso tochi. Pofika usiku musaloze galimoto pageti n'kutsika mwachisawawa, pajatu achifwamba a ku Joni amakonda kudikira pomwepo. Imani m'mbali mwa msewu, imbani foni, wam'kati atsegule kaye.

Ana nawo auzeni kuti geti si chidole chokwera. Pomwe mukulikankha aime kutali, cha kukhonde, chifukwa lopanda mota lilibe chilichonse choliimitsa likakumana ndi kamwendo.