Kalata Yochokera ku Anuradhapura

Anuradhapura, Sri Lanka
Mwezi wa Juni

Okondedwa atsibweni, Aphiri,

Munafunsa ngati dziko lino ndi lomwe asilikali athu a King's African Rifles (KAR) anakhalako m'zaka za 1942 mpaka 1944 asanapite kunkhondo ya ku Burma. Ndi lomwelo ndithu, koma masiku amenewo linkatchedwa Ceylon. Munafunsanso za kapembedzedwe ka anthu a kuno, ndipo pa ichi mundilole ndifotokoze modekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mzinda uno unali likulu la mafumu kwa zaka zoposa 1,300, kufikira m'chaka cha 993, pamene ankhondo a Chola ochokera kummwera kwa India anaupasula, ufumu nusamukira ku Polonnaruwa. Mafumuwo anakumba madamu aakulu monga Tissa Wewa ndi Nuwara Wewa, amene kufikira lero athirira minda ya mpunga. Anamanganso zimphona za njerwa zozungulira ngati chulu, zosungiramo zotsala za Buddha, mphunzitsi wawo. China mwa izo, Ruwanwelisaya, chimene mfumu Dutugemunu inamanga zaka pafupifupi 140 Khristu asanabadwe, n'choyera mbee, ndipo khoma lake lazokotedwa njovu zondandalika phewa ndi phewa.

Komatu chimene chisonkhanitsa makamu si njerwa ayi, koma mtengo, mbale wake wa kachere ndi mkuyu wathu. Eni dziko asimba kuti pamene mfumu Ashoka ya ku India inatumiza mwana wake Mahinda kudzaphunzitsa mfumu Devanampiya Tissa paphiri la Mihintale, mlongo wake Sanghamitta anatsatira pambuyo atanyamula nthambi ya mtengo umene Buddha anakhala patsinde pake ku Bodh Gaya pamene anapeza chidziwitso. Ndipo nthambiyo, monga awerengera iwo, inabzalidwa muno zaka 288 Khristu asanabadwe, niikhalabe ndi moyo mpaka lero.

Tsopano ndi nyengo ya Poson, mwezi ukakhala wathunthu, pamene akumbukira kubwera kwa Mahinda. Anthu afika atavala zoyera, nkhalamba ndi makanda omwe, navula nsapato ndi zipewa pachipata, ngakhale mchenga wa masana uwotcha mapazi koopsa. Abwera ndi maluwa a m'madzi m'manja, nayatsa tinyale tadothi ta mafuta a kokonati, ndipo m'mbali mwa misewu mabanja aphika mpunga nagawira aliyense wodutsa popanda kufunsa dzina kapena mpingo. Inenso mlendo ndinadya nawo. Nthambi yakalekale ija yachirikizidwa ndi mizati yonyezimira ngati golide kuti isathyoke, ndipo palibe munthu ayerekeza kuthothola tsamba. Koma lina litagwa lokha, ndinaona mayi wina akulitola ndi manja awiri, nalikulunga m'kansalu kuti akaonetse a kwawo.

Atsibweni, ine ndikali m'chikhulupiriro chimene munandilereramo, ndipo sindinagwadire mtengo. Koma mtima wanga unalasidwa. Mzinda uno utapasuka, nkhalango inaumeza, nyumba za mafumu zinasanduka mokhala anyani, komabe sipanasowe anthu osunga mtengowo, amonke ndi anthu wamba, mbadwo ndi mbadwo, kufikira anaumangira linga kuti njovu zakutchire zisaudye. Ngakhale mu 1985, pamene zigawenga zinapha anthu 146 mumzinda muno, ena a iwo ali pa mapemphero, otsalawo sanaleke kubwera.

Nanga ife, kodi tilibe malo otere? Si inu kodi amene munatiuza za Kaphirintiwa, kumene makolo amati anthu oyamba ndi nyama anatsika ndi mvula, mapazi awo nadinda pathanthwe lisanaume? Si kwathu komweko kodi kuli Msinja, kumene Makewana ankapempherera mvula Achewa onse, kachisi wake asanapasulidwe ndi nkhondo ya Angoni? Phiri la Dzalanyama, limene limwetsa mzinda wa Lilongwe, likutha ndi mauvuni a makala, ndipo matumba adutsa pa Mitundu mbandakucha pa njinga, kwinaku ana athu sadziwa ndi njira yomwe yopita kumalo amenewa. Sindidzudzula wootcha makala, pakuti njala ilibe manyazi, ndipo ndalama zina za sukulu yanga zinachokera komweko; koma kuno ndaphunzira kuti chinthu chikhalitsa pokhapokha pali anthu amene anena kuti ichi sitikhudza, naphunzitsa ana awo chomwecho.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Chifukwa chake ndikupemphani, mvula isanagwe, mutenge adzukulu anu mukawaonetse malo amenewa ndi kuwatchulira mayina ake, ndipo mukalankhule ndi anyakwawa kuti msitu wa kumanda ndi mitengo ya kumutu kwa dambo lathu isadulidwenso. Pa ndalama zimene ndatumiza, gawo lina mugule feteleza, lina mugulire mbande za mbawa ndi mthethe, mupatse anyamata kuti aliyense akhale ndi mitengo yakeyake yoisamala.

Mundiperekere moni kwa abusa ndi kwa apongozi ku Nathenje, ndipo mundiyankhe za thanzi la amayi.

Ine mwana wa mlongo wanu wokumverani,
Wa ku Sri Lanka