Njati Ibwerera ku Malambo

Kuseri kwa nyumba ya ansembe pa parishi yathu, kufupi ndi Chipata, kuli mtengo waukulu wa mango umene kwa zaka zoposa 20 unali kupereka mthunzi kwa galimoto yakufa. Ana amene anabadwa m'zaka zimenezo anali kuidziwa monga khola la nkhuku za aphiki ndiponso malo obisalamo pothawa katekisimu. Matayala ake anali atamira m'nthaka, magalasi awiri atasweka, ndipo mavu anali atamanga pa ciwongolero. Koma acikulire podutsa pamenepo anali kuichulabe dzina lake lakale: Njati.

M'caka ca 2021 bungwe la parishi linagwirizana zoigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, popeza denga la chalichi linali kudontha ndipo ndalama zinali kusowa. Maganizowo anali anzeru ndithu, ndipo palibe amene akanawatsutsa. Koma kumbuyo kunaimirira a katekisiti athu opuma, mkulu wa zaka zoposa 80, Mkunda wa ku Malambo amene anakwera kuno kumtunda ali mnyamata. Anatsamira ndodo yawo nati: "Bambo Mfumu, gulitsani, ndi yanu. Koma ikadanditengako kaye kwathu kamodzi, ndikaone manda a amai anga." Anthu anaseka, poyesa kuti mkuluyo ali kuceza. Ife asanu sitinaseke: makanika wina amene anapuma nchito ku migodi, mphunzitsi, mmisiri wa matabwa, ndi anyamata awiri a kwaya. Tinapempha caka cimodzi. Bambo Mfumu anavomera, koma anatiuza mosabisa kuti pa ndalama za m'mbale sipadzacoka ngakhale ngwee imodzi.

Okondedwa awerengi, ena mwa inu mwakula m'nthawi ya magalimoto a ku Japan, motero tiyenera kukuuzani pang'ono za mtundu wa Njati. Land Rover yoyamba inaonetsedwa kwa anthu ku Amsterdam m'caka ca 1948, ndipo inali kupangidwa ku Solihull, m'dziko la England. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inali itangotha kumene ndipo citsulo cinali cosowa, motero opanga anaveka galimotoyo thupi la aluminiyamu pamwamba pa mafupa a citsulo. Yathuyi ndi ya gulu lochedwa Series III, limene linayamba kutuluka mu 1971, caka comwe Ambuye Medardo Mazombwe anadzozedwa kukhala bishopu wa Chipata. Ndi yaitali ija, ya mainchesi 109 pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ya injini ya petulo ya malita 2.25, ndipo tayala lapadera ilisenza pa boneti monga mai asenza mtsuko.

Thupi la aluminiyamu lija ndilo linatinyenga. Titalitsuka ndi sopo tinaona kuti silinacite dzimbiri, ndipo tinayamba kuuzana kuti pofika Khirisimasi tidzakhala tili pa ulendo. Makanika wathu sananene kanthu. Anatenga nyundo yaing'ono, nagona cagada pansi pa galimoto, nayamba kugogoda citsulo cimene cinyamula thupi lonse, cimene amisiri achula chasisi. Kutsogolo cinali kulira bwino, ngwe! ngwe! Koma atafika kumbuyo nyundo inangolowa yonse, ndipo dzimbiri linamgwera kumaso ngati gaga. Masamba a mango ndi matope a zaka zambiri zinali zitasunga cinyezi m'menemo, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anaganizapo zowerama kuti aone. Pamene dalaivala aponda mapazi panalinso zibowo zoti mwana angapisepo dzanja, pakuti mbali imeneyonso ndi ya citsulo.

Tsono caka cimodzi cija cinasanduka zaka ziwiri ndi miyezi. Pa Ciweru ciliconse tinali kukumana pansi pa mango uja. Tinacotsa thupi lonse ndi kuligoneka pa migolo, ndipo amuna 12 a m'mphakati wathu anabwera kudzathandiza kunyamula, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chasisi tinapita nayo pa ngolo ya ng'ombe kwa wowocherera, amene anadula zoola zonse ndi kuikamo zitsulo zatsopano. Masipuling'i tinawamasula tsamba ndi tsamba, kuwapala ndi kuwadzoza girisi. Mabauti ena anakana kumasuka kwa milungu itatu, ndipo tivomere pano kuti mau ena amene anatuluka pakamwa pathu masiku amenewo tinakawatula kwa Bambo Mfumu pa kulapa.

Za kufunafuna zipangizo tingalembe buku. Tinayendayenda ku Kapata ndi ku Down Shops, tinatuma mwana wa mphunzitsi ku Lusaka kawiri, ndipo kabureta tinaipeza kwa mlimi wina wa ku Katete amene anatisinthitsa ndi mbuzi ziwiri. Ndalama zinali kucoka m'matumba mwathu, ndipo pamenepa pafunika kunena zoona: m'nyumba zathu munalowa mau. Mai wa kunyumba kwa mmisiri anafunsa mwamuna wake tsiku lina ngati galimotoyo idzalipira ana kusukulu, ndipo funsolo linali lolungama. Tinapangana kuti munthu asapereke kanthu asanagwirizane ndi mkazi wake. Nchito inayamba kucedwa, koma mtendere unabwerera, ndipo patapita nthawi azimai omwewo ndiwo anasoka nsalu za mipando.

A katekisiti anali kubwera Ciweru ciliconse ndi kampando kawo. Sipanala sanagwirepo, koma ndiwo anali kudziwa mbiri ya cipsera ciliconse. Kupindika kwa citseko ca kumanzere, anati, ndi mtengo wa tsanya umene wansembe wina wa a White Fathers anagunda pothawa njobvu. Mbedza imene ili kudenga anali kupacikapo nyali pamene ananyamula odwala usiku. Anatiuza kuti m'masiku awo ulendo wa kumidzi unali wa milungu iwiri kapena itatu: kumbuyo anali kulongedza bokosi la ziwiya za Misa, mabuku a ubatizo, mgolo wa petulo, khasu, nkhwangwa ndi thumba la ufa, ndipo pobwera munali kudzala anthu opita kucipatala.

Injini inalira koyamba m'mwezi wa Meyi 2023. Batire inali yofooka, motero tinaidzutsa ndi hendulo, citsulo copindika cimene ucilowetsa kutsogolo ndi kupukusa ndi manja. Inatsokomola katatu, inatulutsa utsi wakuda umene unabalalitsa nkhuku zonse, kenaka inakhazikika. Koma pa kampando paja panalibe munthu. A katekisiti anali atagonekedwa m'cipatala, dzanja ndi mwendo wa kumanja zitafooka. Kuyambira tsiku limenelo tinaleka zokongoletsa. Penti tinangopaka kamodzi, ndipo mphamvu zonse tinaziika pa mabuleki, magetsi ndi mapepala a boma.

Tinanyamuka pa Cisanu cina m'mwezi wa Seputembala, Misa ya m'mamawa itatha. Bambo Mfumu anawaza Njati madzi odalitsa, ndipo wansembe wothandiza anakwera nafe. A katekisiti tinawakhazika kutsogolo pakati pa mapilo, mdzukulu wawo ali pambali.

Kucokera ku Chipata kufika ku Mfuwe ndi makilomita oposa 100, ndipo mseu umene kale unali kuthyola masipuling'i tsopano uli ndi phula. Magalimoto a alendo opita kukaona nyama ku South Luangwa anali kutipitirira ngati taima, ena akutiimbira hutala, ena akutijambula. Njati sithamanga, ndipo m'kati mwake simuceza anthu cifukwa ca phokoso. Munthu ungoyang'ana kunja. Tinasiya mapiri a Chipata kumbuyo, tinadutsa minda youma imene inali kuyembekeza mvula, ndipo pang'onopang'ono dziko linayamba kutsetsereka. Munthu sufunika kuuzidwa kuti walowa m'cigwa. Mphepo imene ilowa pa tizitseko tiwiri ta pansi pa galasi lakutsogolo isanduka yotentha ngati ya m'ng'anjo, milambe iyamba kuoneka, ndipo mitengo ya tsanya iima mbuu, yopanda masamba. Lino ndilo dziko la Akunda, la mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Msoro ndi Malama, dziko la thonje, mpunga ndi masau, kumene mlimi alimbana ndi njobvu pa munda wake womwe.

Titapitirira kwa Jumbe tinasiya phula ndi kulowa m'kanjira ka fumbi. Apa a katekisiti, amene anali cete njira yonse, anadzuka. Anayamba kuloza ndi dzanja lamanzere: apa panali mudzi, apa tinagona masiku awiri m'matope, apo tinabatiza anthu pansi pa mkuyu. Dothi la kumeneko ndi lakuda, long'ambika m'cilimwe, ndipo mapazi a njobvu a dzinja lapita anali ataumiramo ngati mitondo. Tinali kuyenda ngati munthu wa pansi, kashembe akutiluma m'makosi.

Dzuwa litapendeka tinafika pa mtsinje wa mcenga, wotambalala ngati bwalo la mpira, wopanda dontho la madzi. Mnyamata wathu wa kwaya ndiye anali pa ciwongolero, ndipo analowa mwamphamvu monga acitira pa phula. Tisanafike pakati matayala akumbuyo anakumba, ndipo Njati inakhala pansi. Tinatsika, tinafukula ndi manja, tinadula nthambi, tinakankha mpaka thukuta kuti noninoni, koma inali kungomira. Makanika wathu anali atatsala pa mudzi wa kumbuyo kukapempha madzi a redieta. Pamenepo tinamva mau ofooka kucokera pa mpando wakutsogolo: "Mwana wanga, kodi cofiiraco ucisungira ukwati?"

Pafunika kufotokoza. Pambali pa giya yaikulu, galimoto imeneyi ili ndi ndodo zina ziwiri. Ya mutu wacikasu ukaikanikiza pansi, matayala onse anai ayamba kukoka. Ya mutu wofiira ukaikokera kumbuyo, onse anai akoka ndithu, koma mwa giya yotsika, pang'onopang'ono ndi mwamphamvu ngati ng'ombe za pa goli. Zaka ziwiri tinali kuzipukuta ndi kuzidzoza ndodo zimenezi, koma pa ora limene zinafunika tonse tinaziiwala. Mnyamata anakoka cofiira, tinaphwetsako mpweya m'matayala, ndipo Njati inadzuka mumcenga mosapupuluma, niyenda mpaka tsidya lija, ife tikuithamangira m'mbuyo.

Mudzi unatimva tisanafike. Ana anathamanga kudzaona, koma amene anatidabwitsa ndi acikulire. Agogo ena aakazi anatuluka m'khonde, nayenda mozungulira galimoto, naigwiragwira citseko copindika cija, kenaka anayamba nthungululu. Anatiuza kuti mwana wawo woyamba anabadwira kumbuyo kwake, pa njira ya kucipatala, nyali ikulendewera pa mbedza ija, ndipo anaitana bambo wina wa imvi kuti timuone. Ataona amene anali kutsogolo anagwada pa fumbi nati: "Aphunzitsi, kodi ndinu? Ife tinamva kuti munatisiya kale." Usiku umenewo sitinagone msanga. Anthu anabwera ndi ziphaso zawo za ubatizo, zina zodyewa ndi ciswe, kudzaonetsa a katekisiti dzina lawo lolembedwa pansi ndi dzanja lawo.

Pa Ciweru m'mawa tinawanyamula pa mpando kupita nawo kumanda. Mfumu ya mudzi inatitsogolera mpaka pa mulu wina wa miyala pansi pa mtengo wa bwemba. Anapempha kuti tiwasiye okha ndi mdzukulu wawo, ndipo ife tinakaima patali, tikumva korona ikuyenda pang'onopang'ono. Pa Sondo Misa inacitikira m'kachalichi ka njerwa zosaocha, anthu ambiri ali panja, ndipo wansembe anawadzoza mafuta a odwala pamodzi ndi okalamba ena asanu ndi mmodzi.

Pofuna kunyamuka tinakonza mapilo aja monga poyamba, koma iwo anapukusa mutu. Anati adzatsala kwa mwana wa mlongo wawo, ndipo tikawatenge mvula ikadzatha. Tinawakumbutsa za mankhwala ndi za kutalika kwa cipatala. Mdzukulu wawo analira. Koma mkuluyo anali atatsimikiza mtima, ndipo abale ake anagwirizana naye. Tinabwerera ndi thumba la mpunga, lichero la masau ouma ndi mbuzi imodzi, pa mpando wakutsogolo pali mapilo okha.

Uthenga wa imfa yawo unatipeza pa foni m'mwezi wa Febuluwale 2024. Tinanyamuka usiku womwewo, koma mtsinje wa mcenga uja unali utadzala mpaka m'magombe, ndipo pa madzi otero ngakhale cofiira sicithandiza. Tinaima tsidya lino mpaka masana, kenaka tinatembenuka. Tinakafika m'mwezi wa Meyi, ndi mtanda wa mlombwa umene mmisiri wathu anapala, ndipo tinauzika pafupi ndi mulu wa miyala uja.

Njati sinabwerere pansi pa mango. Tinaimangira kashedi pafupi ndi ofesi ya parishi, ndipo kawiri pa mwezi itenga wansembe kupita ku machalichi a kumidzi. Denga la chalichi linakonzedwa ndi ndalama za zokolola. Nkhani ya amene ayenera kugula petulo ikali m'manja mwa bungwe la parishi, ndipo yakambidwa kale pa misonkhano itatu.