Munthu Wosekedwa pa Khoma la Mfumu

Pa makoma a nyumba zometeramo tsitsi ku Ndirande, ku Bangwe ndi m'tinjira ta kuseri kwa msika wa Limbe pamakhala zithunzi zojambula ndi penti: mitu ya anyamata yometedwa mosiyanasiyana, nkhope za oimba, mwinanso mkango. Nawonso amai athu amavala nkhope za anthu pa zitenje, ndipo munthu wodziŵa amatha kuuza mnzake chaka ndi msonkhano umene chitenje chakutichakuti chidatulukira. Ndife anthu ozoloŵera kuŵerenga nkhani pa khoma ndi pa nsalu. Tsono sitingadabwe kumva za munthu wina wa m'buku amene anthu ambiri a ku Ulaya adayamba kumdziŵira pa zithunzi asanaŵerenge mbiri yake.

Munthuyo ndi Don Quixote. Buku lake adalemba ndi Miguel de Cervantes wa ku Spain; gawo loyamba lidatuluka mu 1605, lachiŵiri mu 1615. Limasimba za bambo wina wa zaka pafupifupi 50, wa m'dera la La Mancha, amene adaŵerenga mabuku a ngwazi zamakedzana usana ndi usiku mpaka mutu udazungulira. Adavala zida zadzimbiri za makolo ake, nakwera kavalo woonda dzina lake Rocinante, nkutuluka kuti akalanditse oponderezedwa ndi kuwongola zonse zokhota m'dziko. Zigayo zoyendera mphepo adaziyesa ziphona nazithira nkhondo. Beseni la munthu wometa adaliyesa chisoti chagolide nalivala kumutu. Pambuyo pake pankabwera mlimi wamimba, Sancho Panza, atakwera bulu, atanyengedwa ndi lonjezo lakuti tsiku lina adzalamulira chilumba.

Chakumapeto kwa bukuli aŵiriŵa akugona m'nyumba ya alendo momwe mwapachikidwa nsalu zojambulidwa mosalongosoka. Sancho atazipenya akulosera kuti posachedwa sipadzapezeka nyumba ya alendo, malo omwera kapena nyumba yometeramo yopanda zithunzi za maulendo ao, nangopempha kuti wojambulayo adzakhale waluso. Cervantes adamwalira mu 1616, osaona kuti mau a Sanchoŵa adapherezera, ndipo kuti adapherezera kwambiri m'dziko la eni, ku France.

Kumeneko bukuli lidamasuliridwa msanga: gawo loyamba mu 1614, lachiŵiri mu 1618. Patapita zaka 100, mu 1714, mnyamata wa zaka 20, Charles-Antoine Coypel, adapatsidwa ntchito yojambula nkhani za Don Quixote kuti amisiri a ku Gobelins aziwombe pa nsalu. Gobelins ndi malo a mu mzinda wa Paris kumene ankawombera zinsalu zazikulu zochinga makoma a nyumba zachifumu. Chithunzi cha pa nsalu yotere sachidinda pamwamba monga amachitira ndi chitenje ai. Amachiluka ndi ulusi wa ubweya wa nkhosa ndi wa silika, mtundu ndi mtundu, monga mmene woluka mkeka amaloŵetsera mlaza wonyika m'utoto kuti patuluke maluŵa. Mmisiri amakhala kuseri kwa nsalu, ndipo nsalu imodzi imadya miyezi yambirimbiri. Coypel adajambula zithunzi 28: zonse adazimaliza pofika 1734, kupatula chimodzi chimene adajambula mu 1751, kutatsala chaka kuti amwalire. Kuchokera pa zithunzi zimenezi, amisiri adawomba nsalu pafupifupi 200 mpaka chaka cha 1794.

Nsaluzo zinali za mafumu ndi anthu achuma okhaokha. Koma pakati pa 1723 ndi 1734 zithunzi 25 mwa zimenezi zidazokotedwa pa mbale zamkuŵa, kuti azipakapo inki ndi kudinda mapepala ochuluka. Mapepalawo adagulidwa m'maiko ambiri, ndipo osindikiza a ku France, ku Holland ndi ku Mangalande adaŵatengera m'mabuku ao. Motero kwa zaka zambiri munthu akati Don Quixote, nkhope imene inkabwera m'maganizo mwake inali ya Coypel. Mmisiri mmodzi adaphunzitsa Ulaya yense mmene angamuwonere munthuyu.

Apa mpamene tiyenera kufunsa: adasankha kuwonetsa chiyani? Buku ndi lalitali, zithunzi nzoŵerengeka, ndiye wojambula amatola zina nasiya zina. Coypel ankakonda zisudzo, mwini wakenso ankazilemba, ndipo anthu ake adaŵaimika ngati ali pa bwalo la seŵero, manja ali m'mwamba, zovala zili ŵaliŵali. Nkhani zambiri adazitenga m'gawo lachiŵiri, makamaka pamene Don Quixote ndi Sancho akulandiridwa kunyumba kwa kalonga wina ndi mkazi wake. Akalongaŵa adaŵerenga kale gawo loyamba, akudziŵa kuti mlendo waoyo ngwodwala mutu, ndipo amsunga kuti azimseŵeretsa. Amkweza pamodzi ndi Sancho pa kavalo wamtengo, ataŵamanga m'maso, naŵapemerera mphepo ndi mivukuto kuti aziyesa akuuluka mu mlengalenga, potsiriza nayatsa zophulika zimene adabisa m'mimba mwa kavaloyo. Sancho amlonga ufumu wabodza pa mudzi umene autcha chilumba cha Barataria, namkhazika pa tebulo lodzaza ndi zakudya. Koma mbale iliyonse akati aigwire, sing'anga amaikhudza ndi kandodo, anyamata nkuichotsa. Zimenezi Coypel adazijambula mokongola zedi, ndipo amisiri adazizinga ndi nkhata za maluŵa, mbalame, anyani ndi nkhosa, pamwamba pa nsalu yofiira kapena yachikasu.

Taganizani tsono za eni nsaluzo. Mu 1786 mfumu Louis XVI idapereka nsalu zinai zotere kwa mlamu wake Marie-Christine ndi mwamuna wake, kalonga Albert wa ku Saxe-Teschen. Lero zili ku Getty Museum mu mzinda wa Los Angeles. Akalonga enieni ankadya ndi kucheza m'zipinda zimene makoma ake ankaonetsa akalonga a m'buku akumana mlimi chakudya kuti aseke. Woyang'ana chithunzicho amaima pamalo pomwe paima kalonga, naseka naye pamodzi. Pamenepo mpamene pagona mphamvu ya wojambula: amatisankhira poima tisanazindikire kuti tasankhiridwa.

Chonsecho Cervantes mwini wake sadaime pamenepo. Adali munthu wodziŵa kunyozeka: dzanja lake lamanzere lidapuwala pa nkhondo ya ku Lepanto mu 1571, adakhala kapolo zaka zisanu ku Algiers, ndipo kwao komwe adaloŵapo m'ndende. M'buku lake Sancho wosaphunzirayo akuŵeruza milandu ku Barataria mwanzeru kotero kuti omsekawo akusoŵa chonena, ndipo potsiriza akutula pansi ufumuwo nachoka wopanda ndi khobidi lomwe, monga adabwerera. Za akalonga aja wolembayo akunena poyera kuti sadasiyane kwenikweni ndi amene ankaŵaseka, poti adataya nthaŵi ndi chuma chochuluka pongofuna kupusitsa anthu aŵiri. Penanso Don Quixote, ataloŵa m'nyumba yosindikizira mabuku ku Barcelona, akufanizira kumasulira buku ndi kuyang'ana nsalu yowomba chakuseri: zithunzi zimaoneka ndithu, koma zaphimbika ndi ulusi wolendeŵera. Ife tingati nsalu za ku Gobelins zidachita mosemphana. Zidaonetsa kumaso kosalala, nkubisa kuseri kumene kuli mfundo ndi zipsera.

Kuseriko kudadzaonekera m'manja mwa amisiri ena a ku France komweko, ufumu wa a Louis XVI utagwa kalekale. Mu 1863 lidatuluka buku la Don Quixote lokhala ndi zithunzi zoposa 300 za Gustave Doré, zozokotedwa pa matabwa ndi Héliodore Pisan. Mwa Doré mulibe nkhata za maluŵa. Muli mapiri ouma, thambo lalikulu, ndi timithunzi tiŵiri tating'ono tikuyenda m'chipululu. Muli munthu wokalamba, womenyedwa, wogona m'fumbi. Pa zaka zomwezo Honoré Daumier, amene adatchuka ndi zithunzi zoseketsa za m'nyuzipepala, mwakuti mu 1832 adamangidwa miyezi isanu ndi umodzi chifukwa chojambula mfumu monyodola, adajambula Don Quixote kambirimbiri. Chithunzi china chimene chili ku Munich chilibe ndi nkhope yomwe: pali msinkhu wautali wowonda, mkondo, ndi kavalo wa mafupa okhaokha. Munthu amene ntchito yake inali kuseka mafumu sadafune kuseka wodwalayu. Nkhope adaisiya yosajambula, ndipo woyang'ana aliyense angathe kuikapo ya mbale wake.

Buku nlimodzimodzi, mau ake sadasinthe, koma zithunzi zikutiphunzitsa mitima iŵiri. Sitikunena kuti kuseka nkulakwa. Cervantes adalemba kuti anthu aseke, ndipo ifenso timadziŵa kukoma kwa anthu aŵiri osiyana nzeru akamakangana pa bwalo. Ambiri a ife tidagwira nthiti ndi Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, m'masiku amene gulu la Kwathu linkadzaza French Cultural Centre mu Blantyre muno. Koma iwo aja ankavala uchitsiru mwa kufuna kwao, seŵero likatha nkuuvula, nkubwerera kwao ndi ulemu wao. Ndipo poŵaseka tinkadziseka tokha, chifukwa zimene ankachita zinali za m'nyumba mwathu momwe. Kuseka kwa akalonga aja nkwina. Wosekedwayo sadziŵa kuti pali seŵero, ndipo alibe chovala choti avule madzulo.

A Don Quixote otere tili nawo. Timakumana nawo pa Victoria Avenue, pa depoti ya Wenela ndi pa mseu waukulu wa mu Limbe. Wina amaima pakati pa mseu kulondolera magalimoto, ataveka chipewa cha makatoni. Wina amalalika kwa mitengo. Wina wasenza matumba a zinyalala amene kwa iye nchuma. M'buku muja, pamene Don Quixote ankaloŵa mu Barcelona, ana adaika minga kunsi kwa michira ya kavalo ndi bulu kuti okwerawo agwe, ndipo amene adamlandira kunyumba adammata chikalata cha dzina lake kumsana, mwini wake osadziŵa, kuti anthu amseke poyenda. Zaka 400 zapitapo, koma ana athu akuchita zomwezo ndi miyala ndi nyimbo zonyogodola, akuluakulufe tili chiimire pa khonde la sitolo, tikumwetulira.

Chasintha nchakuti lero tonse tasanduka ojambula. Coypel adafunika zaka 20, amisiri ambiri ndi chuma cha mfumu kuti afalitse chithunzi cha munthu wosekedwa. Ife foni ya m'manja yatikwanira. Munthu akavula pa msika chifukwa cha matenda, mafoni amatuluka m'matumba chitenje chomfunditsa chisanatuluke, ndipo dzuŵa lisanaloŵe kanemayo wafika pa WhatsApp ndi pa Facebook, kwa abale a ku Johannesburg ndi ku London. Tiziti tikamatumiza tizikumbukira kuti munthuyo ali ndi mai wake ku Chilomoni kapena ku Machinjiri, ali ndi ana amene maŵa adzapita ku sukulu. Matenda a maganizo ali ndi chithandizo. Ku Zomba kuli chipatala chake, ku Gulupu amaonanso odwala otere, ndipo ambiri amapeza bwino nabwerera ku ntchito zao. Koma wochirayo adzapeza kuti kanema uja adakalipo, poti chimene chaloŵa pa intaneti chimavuta kufafaniza kuposa nsalu ya pa khoma. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Makolo athu adati wamisala adaona nkhondo. Sadatanthauze kuti zonse zonena wodwala nzoona, koma kuti tisatseke makutu chifukwa cha amene akulankhula. Don Quixote ankalakwitsa poona zigayo, koma sankalakwitsa poona kuti mnyamata woŵeta nkhosa womangidwa pa mtengo nkumakwapulidwa ndi bwana wake afunika womlanditsa. Nchifukwa chake buku lija silidakalambe, ndipo nchifukwa chake amisiri adabwerera kwa iye mbadwo ndi mbadwo.

M'zithunzi zambiri za Coypel, za Doré ndi za Daumier, muli munthu mmodzi amene amaonekera kaŵirikaŵiri: Sancho. Iye amadziŵa bwino kuti mbuye wake ngwodwala. Amamtsutsa, amadandaula za njala, nthaŵi zina amamnamiza kumene. Koma mbuye wakeyo akagwa, ndi Sancho amene amathamanga ndi bulu wake kukamdzutsa, ndipo imfa itayandikira, Don Quixote nzeru zitabwerera, ndi Sancho amene akulira pambali pa bedi. Poti wojambula amatisankhira poima, makolofe tili ndi udindo wosankhira ana athu poima pamene akali aang'ono. Mwana akabwera kunyumba akuseka za munthu amene wamuwona pa mseu, tisamkalipire msanga. Timfunse ngati akudziŵa dzina la munthuyo, ndi kumene agone usiku uno. Ndipo kanema wotere akafika pa foni yathu, athere pomwepo.