Anthu a M'mphepete mwa Chithunzi

Buku limene landichititsa kulemba nkhaniyi ndinaligula pamsika wa Zomba, kwa mnyamata wina amene amayala mabuku akale pansi, pafupi ndi ogulitsa kaunjika. Chikuto chinali chitathothoka ndipo masamba oyambirira anali atadyedwa ndi chiswe. Chimene chinatsala ndi zithunzi zamakedzana zija zakuda ndi zoyera, zoonetsa misewu ya m'mizinda ya ku America m'nyengo yozizira, zaka zoposa 100 zapitazo. Ndinaligula chifukwa cha magalimoto. Ndili mwana ndinkapanga magalimoto a mawaya, ndipo amene ndinawaona m'bukumo ankafanana kwambiri ndi anga aja: mateyala opyapyala, thupi lalitali, nyali ziwiri ngati maso a kadzidzi.

Vuto langa loyamba, monga wophunzira za chilankhulo, linali la mawu. Chinthu choyera chimene chakuta misewuyo sindinachionepo ndi maso. Si matalala, pakuti matalala ndi olimba ndipo sachedwa kusungunuka. Si nkhungu, komanso si chiperoni. Omasulira mabuku amachitcha chipale chofewa, ndipo inenso ndigwiritsa ntchito dzina lomwelo, ngakhale kuti kwathu chipale chimatikumbutsa za mbale yadothi osati za kuzizira.

Chithunzi choyamba chimene ndinaimapo n'chotchuka. Anachijambula ndi Alfred Stieglitz mu February 1893 mumsewu wa Fifth Avenue ku New York. Galimoto mulibemo ngakhale imodzi. Muli ngolo yokokedwa ndi akavalo, ndipo woyendetsa wakhala pamtunda, pambalambanda, mphepo ikumuwomba kumaso. Stieglitz ankanena kuti anaima pachisanupo maola atatu kudikira kuti chithunzicho chikhale momwe ankafunira. Dzina lake timalidziwa mpaka lero. La woyendetsa ngolo uja, amene ankakhala pachisanu tsiku lonse, silinalembedwe pansi pa chithunzicho.

Nditatsegula masamba ena, akavalo anayamba kuchepa, magalimoto n'kumachuluka. Ambiri anali a mtundu wa Ford Model T, amene anayamba kupangidwa mu 1908 n'kuleka mu 1927, atapangidwa oposa 15 miliyoni. Galimoto imeneyi inalibe chotenthetsera m'kati, choncho okwera ankafunda mabulangete m'miyendo. Kuti ilire, munthu ankapita kutsogolo n'kupukusa handulo, monga momwe amachitira ndi injini ya chigayo cha dizilo. Handuloyo ikabwerera mwadzidzidzi inkatha kuthyola dzanja. Kampani ya Cadillac inayamba kuika choyatsira chamagetsi m'magalimoto ake mu 1912, koma pa Model T chinayamba kupezeka mu 1919. Kukazizira, oilo ankalimba, motero eni ake ankanyamula teyala lakumbuyo ndi jeke kuti handulo ipepuke. Usiku ena ankakhuthula madzi a mu rediyeta poopa kuti akaundana aphulitsa zitsulo, ndipo m'mawa ankathiramo madzi otentha. M'mateyala ankamangamo matcheni kuti asaterereke.

Chithunzi chimene chinandisowetsa mtendere ndi cha ku Washington, cha mu January 1922. Mwezi umenewo kunagwa chipale chofewa chokwana pafupifupi masentimita 70, ndipo usiku wa pa 28 January denga la nyumba yoonetsera kanema ya Knickerbocker linagwa chifukwa cha kulemera kwake, n'kupha anthu 98. Pachithunzipo pali galimoto yotitimira pakati pa msewu. Kumbuyo kwake amuna anayi ovala majasi ndi zipewa awerama, akukankha. Chakumanzere kuli wina wanyamula fosholo, koma wojambula anamudula, moti akungooneka phewa ndi theka la nkhope. Mawu a pansi pa chithunzicho akutchula mzinda, chaka ndi mtundu wa galimoto. Za anthu asanuwo palibe chimene chanenedwa.

Theka la nkhope limenelo linandikumbutsa chithunzi china chimene chili m'sutikesi ya amayi kwathu ku Dedza. Bambo anga agwira ntchito yothandiza dalaivala pa lole yonyamula mbatatesi kupita ku Blantyre kwa zaka zambiri. Tsiku limene abwana awo anagula loleyo anaitana wojambula. Pachithunzipo lole yaoneka yonse, abwana aima pakati atagwira makiyi, ndipo bambo ali kumapeto kwenikweni, mkono umodzi ndi khutu zitadulidwa. N'chithunzi chokhacho cha bambo ali pantchito.

Ku Dedza mwezi wa June kumazizira mpaka zala kukanika kumanga batani. Ndikukumbukira bambo akudzuka nkhuku zisanalire, kukoleza makala pambaula n'kukaika kunsi kwa injini kuti oilo asungunuke. Batire ikafooka ankadzutsa anyamata oyandikana nafe kuti adzakankhe, iwo ali patsogolo pa onse, ndipo lole ikaima pachitunda ankathamanga ndi mwala kukatsekera teyala. Anzathu a Chiswahili ngolo amaitcha gari, ndipo m'dzina lathu loti galimoto muli ngolo ndi moto. Kwa ine moto wake unali weniweni, wa pambaula paja.

Apa ndiyenera kuulula chinthu chimene chimandichititsa manyazi. Nditapita kusekondale yogonera konko, anzanga akandifunsa ntchito ya bambo ndinkayankha kuti ndi dalaivala. Ngakhale kuyunivesite kuno, chaka choyamba ndinanena bodza lomweli. Ndinkaona ngati munthu wogwira chiwongolero ndiye woyenera kutchulidwa, wokankha ayi. Wojambula wa abwana uja anadula bambo mwina mosadziwa, koma ine ndinkawadula dala, chikhalirecho fizi yanga inkachokera m'manja omwewo ong'aluka ndi chisanu. Pajatu akuluakulu amati mwana wa mfulu sagona ndi njala, komabe mwana woteroyo sayenera kuiwala kumene kwachokera nsima. Ine ndinali nditaiwala.

Patchuthi chapitachi ndinapita nalo bukulo kumudzi. Madzulo ena ndinawapeza bambo akuwotha moto ndipo ndinawatsegulira tsamba la ku Washington lija. Ndinayamba kufotokoza za chaka ndi mtundu wa galimoto, koma iwo maso anali pa anthu aja. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka analoza ndi chala.

“Mwanawe, wamuona uyu wa kuteyala lakumanja? Ameneyu ndiye akukankhadi. Taona mmene wapondera. Enawa angogwirako kuti aoneke.”

“Nanga uyu wa fosholoyu, bambo?”

“Ameneyo ndiye anayamba kufika. Popanda iye kuchotsa zoyerazi kutsogolo kwa mateyala, akankha mpaka mawa.”

Ine ndinali nditaliwerenga bukulo miyezi itatu, koma zimenezi sindinazione. M'kalasi timaphunzira kuti tanthauzo la nkhani limadaliranso amene akuiwerenga. Usiku umenewo ndinaona kuti bambo, amene sukulu analekezera sitandade 5, ankawerenga chithunzicho kuposa ine, chifukwa ntchito ya anthu asanu aja ankaidziwa m'mafupa mwawo.

M'mawa mwake ndinadzuka nawo limodzi. Ali mkati mokonza mbaula ndinawapempha kuti ndiwajambule pafoni. Anaseka nati ndidikire akavale malaya abwino, koma ndinawachonderera kuti akhale momwemo. Pachithunzi chimenecho bambo ali pakati, chipewa chaubweya kumutu, mbaula m'manja, ndipo lole ikungooneka teyala limodzi ndi mbali ya chitseko. Ndinachitsukitsa n'kuchiika m'buku lija, patsamba la 1922. Tsopano mnzanga akandifunsa ntchito ya bambo, ndimamuuza zoona, kenaka ndimamuonetsa zithunzi ziwirizo.