Kulera ana a eni ku Soweto

M'mwezi wa June dzuwa la ku Johannesburg limangowala osatentha. Nditatsika minibasi pa siteji yaikulu ya Bara, moyang'anana ndi chipatala cha Chris Hani Baragwanath, mphepo inandilowa m'mafupa ngati ya ku Dedza. Chimene chinanditengera mumzindawu ndi msonkhano wa masiku anayi, koma ndisananyamuke kumudzi kwathu ku Ntcheu azakhali anandisenzetsa zinthu ziwiri: kathumba ka mtedza ndi usipa, komanso ntchito yokaona ndi maso anga ngati mwana wawo, msuweni wanga, akukhala bwino kwa anthu amene amawalerera ana.

Msuweni wangayu anachoka kumudzi zaka ziwiri m'mbuyomo. Mayeso a Fomu 4 anakhoza ndithu, koma ntchito inasowa, ndipo chimanga cha pa kamunda ka amayi ake sichifika mu January. Mnzake amene anatsogola ku Joni anamutumizira uthenga pa WhatsApp wakuti banja lina likufuna "au pair". Anagulitsa mbuzi ziwiri, zotsalazo nabwereka ku banki mkhonde, n'kukwera basi yodzera pa chipata cha Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda mpaka kukatulukira pa Beitbridge. Mwana wake wamkazi, yemwe panthawiyo anali ndi zaka zitatu, anatsala m'manja mwa agogo ake.

Mawu akuti au pair ndi a Chifalansa, ndipo amatanthauza kukhala wofanana ndi eni nyumba. Ku Ulaya, kumene mchitidwewu unayambira, wachinyamata amapita kudziko lina kukakhala ndi banja kwa chaka chimodzi kapena ziwiri n'cholinga chophunzira chilankhulo ndi chikhalidwe cha kumeneko. Iye amathandiza kuyang'anira ana, eni nyumba namupatsa chipinda, chakudya ndi kandalama ka m'thumba. Mgwirizano umene maiko a ku Ulaya anaukhazikitsa mu 1969 mumzinda wa Strasbourg umati munthu wotere akhale wa zaka 17 mpaka 30, asagwire ntchito maola oposa asanu pa tsiku, ndiponso azikhala ndi tsiku lathunthu lopuma sabata iliyonse. Ku South Africa mawuwa anasinthako tanthauzo: kawirikawiri amanena mtsikana wa komweko, wodziwa kuyendetsa galimoto, amene amakatenga ana kusukulu, kuwathandiza ntchito ya m'makope, kenaka n'kubwerera kwawo madzulo. Zonsezi msuweni wanga sanazidziwe. Iye anangomva kuti dzinalo ndi lolemekezeka kuposa "wantchito wa m'nyumba".

Amene amaganiza kuti Soweto ndi zisakasa za malata zokhazokha akhoza kudabwa. Dzinali, lomwe linakhazikitsidwa mu 1963, ndi chidule cha South Western Townships, ndipo kalembera wa mu 2011 anapeza kuti kumeneku kunkakhala anthu pafupifupi 1.3 miliyoni, kuposa mzinda wa Lilongwe kapena wa Blantyre. Zisakasa ziliko, monga ku Kliptown, koma ku Diepkloof Extension kuli nyumba zosanja za mipanda yaitali ndi galimoto ziwiri pabwalo. Kuli sitolo zikuluzikulu za Maponya Mall zimene zinatsegulidwa mu 2007, kuli mabasi a Rea Vaya, ndipo alendo ochokera kutsidya kwa nyanja amadzadza mu msewu wa Vilakazi ku Orlando West, umene munkakhala Nelson Mandela ndi Desmond Tutu. Pakati pa olemera ndi osaukitsitsawo pali anthu ochuluka zedi: aphunzitsi, anamwino, apolisi, ogwira ntchito m'mabanki. Amenewa amachoka m'bandakucha n'kubwera mdima utagwa, ndipo ndi amene amafuna mlezi.

Banja limene ndinakafikira ndi lotero. Nyumba yawo inali imodzi mwa tinyumba ta zipinda zinayi timene boma la tsankho linamanga m'mizere m'zaka za m'ma 1950, timene eni ake amatiyerekeza ndi bokosi la machesi. Lero anaikulitsa, naika matailosi ndi chipata chachitsulo. Mayi wa pakhomopo ndi namwino ndipo sabata zina amagwira ntchito usiku. Bambo amakhala ku chigawo china chifukwa cha ntchito. Pali ana awiri, wina wa sitandade yachiwiri, wina wongoyamba kumene kuyenda, ndi agogo awo aakazi, amene aliyense amangowatchula kuti Gogo. Liwu limeneli ndi limodzi m'Chizulu ndi m'Chichewa, ndipo msuweni wanga anati ndilo linamutsitsa mtima pansi tsiku limene anafika.

"Takulandirani achemwali, kumudzi mwawasiya bwanji?" anatero uku akugwada pang'ono, mwana wa eni ali kumsana pa chitenje chochokera kwathu. Ananenepako, nkhope ili see. Ndinaona kuti chimene azakhali amaopa kwambiri, njala ndi nkhanza, pano palibe. Amadya pa tebulo limodzi ndi eni nyumba. Pa Khirisimasi anamugulira nsapato. Atadwala chimfine chachikulu, mayi wa pakhomopo ndi amene anamusamala. Mwana wamng'onoyo akalira usiku amafuna iyeyo, osati amake.

Koma nditagona usiku umodzi m'kachipinda kake ka kuseri kwa nyumba ndinayamba kuwerenga maola. Anadzuka 5 koloko kukatenthetsa madzi, kusambitsa wamkuluyo, kumuphikira phala ndi kumuperekeza pa msewu kumene galimoto ya sukulu imadzera. Atabwerera anachapa, anakolopa, anaphika, anapereka mankhwala kwa Gogo, zonsezi mwana ali kumsana. Madzulo anasita mayunifolomu. Anabwera kudzagona 9 koloko itadutsa, ndipo akanakhala kuti mayiyo ali ku ntchito ya usiku akanagona m'chipinda cha ana. Palibe amene anamukalipira tsiku lonselo. Palibenso amene anamuuza kuti wawerukatu tsopano. Wantchito wokhala pakhomo pa bwana wake alibe chipata chimene amatulukira kuti ntchito ithe, ndipo pamene akumuuza kuti "ndiwe mwana wa pakhomo pano" m'pamene kumamuvuta kufunsa za malipiro a maola owonjezera. Mwana wa pakhomo salipiritsa amake.

Chikhalirecho malamulo a dziko la South Africa pa ntchito imeneyi ndi omveka, ndipo alangizi a m'madera ayenera kuwadziwa popeza achinyamata amabwera kwa iwo ndi mafunso. Lamulo loona za antchito a m'nyumba limene linatuluka mu 2002 limati ntchito ya masiku onse isapitirire maola 45 pa sabata, ndipo ola lililonse lowonjezera lilipiridwe ola ndi theka. Wantchito ayenera kupatsidwa kalata yofotokoza ntchito yake ndi malipiro, tchuthi cha sabata zitatu pa chaka, ndi miyezi inayi ya uchembere. Ngati akugona pakhomopo, bwana asadule ndalama zoposa 10 pa 100 iliyonse ya malipiro ake chifukwa cha chipindacho. Kuyambira mu March 2022 malipiro ochepetsetsa a wantchito wa m'nyumba anafanana ndi a antchito ena onse, R23.19 pa ola, ndipo mu March 2025 anafika pa R28.79. Pa mtengo wa mu 2025 umenewu, munthu wogwira maola 45 pa sabata amayenera kulandira ndalama zoposa R5,600 pa mwezi. Mu November 2020 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula kuti antchito a m'nyumba nawonso azilandira chipukutamisozi akavulala kapena kufera pa ntchito. Mlanduwu anaukankha ndi Sylvia Mahlangu, amene amayi ake, a Maria Mahlangu, anamira m'dziwe losambiramo la abwana awo ku Pretoria mu 2012, atagwira ntchito pakhomopo zaka zoposa 20.

Nditamuwerengera zimenezi, msuweni wanga anaseka chamumtima. Malipiro ake ndi otsika ndithu poyerekeza ndi a m'lamulowo, kalata ya ntchito alibe, ndipo sanaganizepo zodandaula. Anatsegula chikwama nandionetsa pasipoti. Mmalawi amalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30 ngati mlendo, ndipo chidindo chimenechi sichilola munthu kugwira ntchito. Chake chinatha kalekale. Chilolezo chogwirira ntchito ya m'nyumba n'chovuta kupeza. Malinga ndi malamulo amene anayamba mu 2014, wopyola masiku ake ndi oposa 30 amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa zaka zisanu. Ichi n'chifukwa chake sanabwere ngakhale pa maliro a amalume athu: kutuluka n'kosavuta, kubwerera ndiye ayi. N'zoona kuti mu 2008 khoti loona za ntchito linagamula kuti mlendo wopanda chilolezo amatetezedwabe ndi malamulo a ntchito ndipo akhoza kukadandaula ku bungwe la CCMA. Alipo mabungwe monga SADSAWU ndi Izwi Domestic Workers Alliance amene amathandiza amayi otere. Koma munthu woopa kukatsekeredwa ku Lindela, malo a ku Krugersdorp kumene amasungirako oyembekeza kubwezedwa kwawo, sapita yekha ku ofesi ya boma kukalembetsa dzina.

Mantha ena ali pa msewu. Mu May 2008 zipolowe zothamangitsa anthu obwera zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62. Mu January 2015 sitolo za anthu obwera zinathyoledwa mu Soweto momwemu, ndipo gulu la Operation Dudula linayambira muno mu 2021. M'minibasi msuweni wanga amalankhula Chizulu chokhachokha, ndipo foni yochokera kumudzi ikalira sayankha mpaka atatsika.

Amene anandiphunzitsa zambiri pa ulendowu ndi Gogo. Tikuothera dzuwa pakhonde, anandifotokozera kuti iwonso anagwirapo ntchito yomweyi kwa azungu kumpoto kwa mzindawu kwa zaka zambiri. Ankagona m'kachipinda ka kuseri, mbale ndi kapu yawo zikusungidwa padera, ndipo malamulo a nthawiyo sankalola kuti ana awo akhale nawo kumeneko. Ankabwera ku Soweto pa sitima tsiku lopuma, kawirikawiri Lachinayi, kudzaona ana amene ankaleredwa ndi amayi awo. Mmodzi mwa anawo ndi namwino uja. Gogo amamukonda msuweni wanga moonekeratu, ndipo ndi iwo amene anakana kuti azidyera kukhitchini. Komabe za malipiro sanenapo kanthu; amadziwa kuti ndalama za mwana wawo nazo zimathera panjira. Ndinalephera kupeza woipa m'nyumba imeneyi, ndipo zimenezi zinandisautsa kuposa ndikanamupeza. Mzere wa amayi osiya ana awo kuti akalere a eni sunaduke pamene tsankho linatha mu 1994. Unangotalika, kuchoka ku Soweto kukafika ku Ntcheu, ku Mzimba ndi ku Mangochi.

Kwa ife Amalawi njira ya ku Joni si yachilendo. Agogo athu aamuna anapita ku migodi kudzera ku Wenela, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya kuno anaposa 100,000. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito kwa zaka zingapo. Kulembako kunayambiranso kudzera ku Teba mpaka mu 1988. Ntchito ya ku mgodi inali yowawa, koma munthu ankapita ndi kalata ya mgwirizano, dzina lake lili m'kaundula, tsiku lobwerera likudziwika. Amayi a lero amapita okha, atakhulupirira uthenga wa pa foni. Akafika bwino monga msuweni wanga, ndi mwayi chabe. Nkhani ya amayi a ku Malawi amene anazunzika m'nyumba za ku Oman, imene BBC inaulutsa mu 2024, nayonso inayamba ndi lonjezo la ntchito yabwino ya m'nyumba.

Sindingauze mtsikana wa kumudzi kuti asapite, popeza ndaona malata amene ali pa nyumba ya azakhali ndi feteleza amene amagula ndi ndalama zobwera pa Mukuru. Koma mlangizi akafunsidwa, asangoyankha kuti "pita" kapena "usapite". Amufunse mtsikanayo ngati walankhulapo yekha ndi amene akukamulemba ntchito, ngati akudziwa dera ndi nambala ya nyumba, malipiro ake ndi tsiku lopuma, ndipo zonsezi zilembedwe ngakhale pa foni pomwepo. Abale asunge chithunzi cha pasipoti ndi nambala za ofesi za kazembe wa Malawi ku Pretoria ndi ku Johannesburg. Pasipotiyo asaipereke kwa bwana kapena kwa womuperekeza kuti amusungire. Koposa zonse, amvetse tanthauzo la masiku 30 aja asanakwere basi, chifukwa ambiri amadzazindikira atatsekeredwa kale mkati.

Lamulungu, tsiku lake lopuma, tinapita limodzi ku Orlando West. Pa chikumbutso cha Hector Pieterson, mnyamata amene anawomberedwa pa 16 June 1976 ana a sukulu atakana kuphunzira m'Chiafrikaans, anaima nthawi yaitali. Anati wakhala mu Soweto zaka ziwiri koma aka kanali koyamba kufika pamalopo. Tinagula kota, buledi wobowola pakati wodzadza tchipisi ndi soseji, n'kudyera pa benchi. Kenaka anatulutsa foni kuimbira kumudzi. Mwana wake analankhula naye pang'ono, mwamanyazi, n'kubweza foni kwa agogo ake kuti akufuna kukasewera.

Pobwerera anandipatsa chikwama choti ndikapereke kumudzi: bulangete la azakhali, sopo, ndi nsapato zakuda zoti mwanayo adzayambire sukulu. Sayizi anachita kuyerekeza poyang'ana phazi la mwana wamkulu wa abwana ake. Nditafika ku Ntcheu azakhali anandifunsa ngati ali bwino, ndipo ndinawauza kuti akudya, akugona pabwino, ndipo anthu ake ndi aulemu. Anafunsanso kuti abwera liti. Ndisanayankhe, mwanayo anabwera atavala nsapato zija, akuyenda mokoka miyendo chifukwa zinamukulira, ndipo azakhali anawerama n'kuyamba kufutsa tinsanza kumapeto kwake.